Mwezi Wokula ndi Kamkate Kopindika

Ulongwe, Angonia
Lamulungu madzulo

Okondedwa Anaphiri,

Landirani moni wochokera kuno kwathu. Ine ndili bwino, ana ali bwino, abambo awo nawonso akudzuka, kungoti bondo lija limawavuta kukazizira. Ndipo chaka chino kwazizira zedi. M'mawa phiri la Domwe silioneka, nkhungu yokhayokha mpaka dzuwa litakwera, ana akumafika m'kalasi manja ali m'khwapa, cholembera n'kumawakanika kugwira. Chimanga tinalonga m'nkhokwe, kachewere wa kudimba tikumba mwezi wamawa. Amayi anu ndinawaona kutchalitchi sabata yatha. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, akuti ndikuuzeni kuti juzi ija inafika ndipo saivula.

Uthenga wanu wa mawu wa pa WhatsApp uja ndaumvera katatu. Koyamba ndinaseka nanu limodzi, poti inunso mumaseka pofotokoza. Kachitatu ndinamva china pansi pa kusekako, ndipo sindinasekenso. Ndimakudziwani, Anaphiri, tinakhalira njerwa imodzi kusukulu ya othawa nkhondo ku Dedza: mukamaseka mothamanga choncho ndiye kuti mwapwetekedwa. Mwaweruka ntchito yausiku, mwatopa, mwalowa m'sitolo ya mikate konko ku England, mwaloza kamkate kopindika n'kunena kuti mukufuna ma crescent awiri. Kamtsikana kogulitsa kakuyang'anani, kenaka kakutchulirani "croissant" mokweza, pang'onopang'ono, ngati kakuphunzitsa mwana wa kalasi yoyamba, anthu a pamzere onse akumva. Munthu wolankhula Chichewa, Chipwitikizi, Chingerezi ndi Chinyungwe chomwe, kuimitsidwa pamenepo ngati mbuli chifukwa cha liwu limodzi! Zinandiwawa ngati zachitikira ine.

Munati poti ndine mphunzitsi wa Chingerezi ndikuuzeni kusiyana kwake. Yankho likanakwana pa foni, koma nkhaniyi yandikhala pamtima masabata awiri. Ndafunsa anzanga, ndatsegula mabuku, ndafika mpaka pokanda ufa. Ndiye ndaona kuti nditenge pepala.

Tiyambe ndi zimene mukufuna mawa m'mawa. M'Chingerezi cha masiku ano crescent ndi dzina la maonekedwe: mwezi ukangokhala kumene, woonda, wa nyanga ziwiri ngati zenga lomwetera udzu. Chilichonse chokhota motero amachitchulanso choncho. N'chifukwa chake msewu umene mukukhala dzina lake limathera ndi Crescent. Mukatuluka panja muuyang'ane bwino, mupeza kuti ndi wokhota ngati uta. Ku mzinda wa Bath, komwe munati munapitako ndi a kuntchito, kuli mdadada wotchuka wa nyumba 30 zomangidwa mokhota pakati pa 1767 ndi 1774, umene amautcha Royal Crescent. Katchulidwe kake ndi "kresenti", c wachiwiriyo samveka payekha. Pomwe croissant ndi kamkate basi. Ndi liwu la Chifalansa, ndipo Angerezi amayesetsa kulitchula mwa eni ake: oi amamveka "wa", t wa kumapeto amamezedwa, ndipo mawu otsiriza amatulukira m'mphuno. Apa ndiye inu muli ndi mwayi kuposa kamtsikana kaja, chifukwa mphuno imeneyo ndi yomwe timatchulira pão ndi irmã. Mungoti "kruwasã" monga amanenera m'mapadariya, masitolo a mikate a ku Tete, palibe amene adzakudzudzuleni.

Koma chimene chandilembetsa kalata ndi ichi: simunalakwe monga mukuganizira. Mawu awiriwa ndi ana a mimba imodzi. Kunena zoona ndi liwu limodzi, limene Angerezi anabwereka kawiri kwa Afalansa, ulendo woyamba ndi wachiwiri atatalikirana zaka pafupifupi 500.

Mukukumbukira titabwerera kuno mu 1994, tili atsikana akuluakulu, n'kuyamba kulimbana ndi Chipwitikizi? Pa khoma la kalasi panali kalendala yokhala ndi timiyezi tojambulidwa pambali pa masiku: lua nova, quarto crescente, lua cheia, quarto minguante. Crescer ndiko kukula, monga amanenera za mwana kapena chimanga. Crescente ndi chinthu chimene chikukula. Gwero la zonsezi ndi Chilatini, crescere, kukula komweko. Aroma akale, mwezi ukamaonjezeka usiku ndi usiku, ankati luna crescens, mwezi wokula. Ndiye mukalisenda liwu lakuti crescent, m'kati mwake simupezamo kukhota kapena nyanga, mupezamo kukula. Anthu anangozolowera kuti mwezi wokula umaoneka wokhota, mpaka dzina linasamuka, kuchoka pa zimene mwezi ukuchita kupita pa mmene ukuonekera. Angerezi anaiwaliratu, moti ngakhale mwezi ukamatha, wotsala kachidutswa m'bandakucha, amautchabe crescent. Apwitikizi pa kalendala yawo sanaiwale: wokula ndi crescente, wochepa ndi minguante.

Ndikuwerenga zimenezi ndinakumbuka agogo anga a ku Lifidzi, tili pamoto tikukazinga chimanga. Ankati mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wina ndi Chekechani, nyenyezi ya m'bandakucha, amene amakhala kum'mawa. Ameneyu ndi womana, sam'phikira mokwanira mwamunayo, ndiye akakhala kumeneko amaonda mpaka kutsala nthiti. Wina ndi Puikani, nyenyezi yamadzulo. Mwamuna uja akathawira kwa iye ali wofooka, Puikani amam'dyetsa, n'kuyamba kunenepa. Taonani, Anaphiri: agogo amene sanaponde m'kalasi ndi Aroma a mabuku ankayang'ana chinthu chimodzi. Pa masiku 29 ndi theka amene mwezi umatenga kuti ubwerere pomwe unayambira, kachidutswa kokula kamaonekadi kumadzulo dzuwa litangolowa, kakutha n'kumaoneka kum'mawa kusanache. Ndipo asayansi amati akazi awiriwo nawonso ndi mmodzi, Venus, amene nyengo ina amatsogola dzuwa, nyengo ina n'kulitsatira. Ndaona kuti ana a m'kalasi mwanga akanalimva msanga liwuli ndikanayambira kwa Puikani, ndipo chaka chamawa ndiyambira pomwepo.

Tsono liwuli linayenda bwanji? Chifalansa, monga Chipwitikizi, ndi mwana wa Chilatini. Kalekale Afalansa ankati creissant. Mu 1066 a ku Normandy, olankhula Chifalansa, analanda England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi kubwalo la milandu, monga Chipwitikizi chilili kwa ife tikapita ku boma. Mawu ambirimbiri analowa m'Chingerezi nthawi imeneyo. Ili linayamba kuoneka m'mabuku cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, likulembedwa cressaunt, ndipo pambuyo pake ophunzira analikonza kalembedwe kuti lifanane ndi kholo lake la Chilatini. C wosamveka uja anabwera motero. Uko ku France pakamwa pa anthu sipanaime. Ei anasanduka oi, oi n'kudzamatchulidwa "wa", creissant n'kukhala croissant. Kenaka Angerezi atayamba kudya kamkate ka ku Paris, kumapeto kwenikweni kwa zaka za m'ma 1800, anakatenga pamodzi ndi dzina lake, osazindikira kuti mlendoyo mbale wake anakhazikika kale m'nyumba.

Izi si zachilendo kwa ife. Chimene mukuwerengachi timachitcha kalata, ndipo tinatenga ku liwu lakuti carta la Apwitikizi, amene anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Khadi la kubanki kapena la kusikelo linadzera kwa Angerezi. Katoni yolongeramo sopo nayonso inadzera komweko. Koma mukawalondola onse atatu mumakafika pa liwu limodzi la Chilatini, charta, pepala. Palibe wa ku Angonia amene angasokoneze kalata ndi katoni, komanso ndi ochepa angakuuzeni kuti ndi a mfunda umodzi. Naye crescere ali ndi zidzukulu kuno kwathu. Wotsogolera kwaya akamakweza manja pang'onopang'ono n'kumati crescendo, akuti mawu akule. Ana obatizidwa Crescêncio ndi Crescência timawaitana m'kaundula chaka ndi chaka. Ngakhale konkire ya pa maziko a nyumba yanu ija, Chilatini chake ndi concrescere, kukulira pamodzi, kugwirana.

Aphunzitsi a Chifalansa a pasukulu pathu ndi amene ananditsegula m'maso pa china. Nditawafotokozera nkhani yanu anati, "Mukawauze kuti ku France funso lawolo kulibe." Afalansa ali ndi liwu limodzi lokha. Kamwezi ka kumwamba ndi croissant, kamkate ndi croissant. Anatenga choko nalemba pa bolodi: Croix-Rouge et Croissant-Rouge. Ine pakamwa yasa. Anaphiri, mukukumbukira magalimoto oyera aja ankabwera ndi ufa ndi nyemba kumsasa, pa chitseko pali mtanda wofiira, pa ena pambali pake pali kamwezi kofiira? Ife tinkangoti ndi a Red Cross, za kamweziko osafunsa, maso ali pa matumba. Chizindikiro chimenecho chinayamba mu 1876 ndi ufumu wa Ottoman, wa ku Turkey, chifukwa asilikali awo achisilamu sankafuna mtanda pa magulu onyamula ovulala, ndipo chinavomerezedwa m'mapangano a ku Geneva mu 1929. Angerezi amati Red Crescent, Apwitikizi Crescente Vermelho, Afalansa Croissant-Rouge, ndipo palibe Mfalansa amene akamva choncho amaganiza za mkate wofiira. Chimodzimodzi dera lachonde lija la m'maphunziro a mbiri, la mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, kumene tirigu anayambira kulimidwa: ife tinaloweza Crescente Fértil, iwo amati Croissant fertile. Ndiye mutati mutanthauzire dzina la kamkate kaja m'Chingerezi chenicheni, mungati chiyani? Crescent. Zomwe munanena zija. Ku America amagulitsa timikate totchedwa crescent rolls, ndipo ku Argentina amati medialuna, theka la mwezi.

Ngakhale dzina lake ndi la Chifalansa, kamkateka makolo ake ndi a ku Austria. Ku Vienna kunali kale mkate wopindika wotchedwa kipferl, wodziwika kuyambira zaka za m'ma 1200. Mudzamva anthu akusimba kuti unapangidwa mu 1683, asilikali a Ottoman atazinga Vienna. Akuti ophika mikate, poti amadzuka usiku, anamva adani akukumba njira pansi pa linga, nachenjeza mzinda, ndipo pokondwerera anaumba mkate wofanana ndi kamwezi ka pa mbendera ya adaniwo. Mzindawo unazingidwadi chaka chimenecho, koma za ophikazo ndi nthano, chifukwa kipferl anthu anali akudya kale zaka mazana nkhondoyo isanachitike. Ine nthanoyi sindiikonda n'komwe. Imasandutsa chakudya cha m'mawa kukhala chonyozera anthu a chipembedzo china, ndipo ndikaimva ndimaganiza za anzathu achisilamu a kumsika, amene amayang'ana kamwezi komweko kumadzulo kuti adziwe poyambira ndi pomasulira Ramadani.

Zodziwika bwino ndi za munthu wina wa ku Austria, August Zang, amene anali msilikali wa mizinga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1830 anatsegula sitolo ya mikate ya ku Vienna mu msewu wa Richelieu ku Paris. Anthu anaikonda, ophika a ku Paris anayamba kutengera, ndipo kipferl anam'patsa dzina lawolawo potengera maonekedwe ake. Zang anabwerera kwawo mu 1848 nakayambitsa nyuzipepala ya Die Presse. Mpaka lero Afalansa timikate ta mtundu umenewu amatitcha viennoiserie, za ku Vienna. Chimene iwo anaonjeza, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndicho chinsinsi cha kamene munalozako: kupindira batala m'kati mwa ufa wokanda.

Apa ndiye ndinafuna kuona ndi maso. Amayi oyandikana nafe, aja amaphika pau mu uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba, ndinawapempha kuti tiyese Loweruka. Iwo croissant anamuonapo m'magalasi a padariya ku Tete, koma anali asanamugwirepo. Batala anatibweretsera mlamu wanga pa shapa, minibasi zathu zija, atamukulunga m'nyuzipepala pamodzi ndi botolo la madzi oundana. Lachisanu madzulo tinakanda ufa ndi yisiti, mkaka, shuga pang'ono ndi mchere, n'kuugoneka pakhonde m'beseni lovundikira. Chisanu cha Julayi chinatigwirira ntchito ya firiji. M'mawa kusanache tinauphwatalitsa ndi botolo, n'kuika batala pakati, ataphwanyidwa kukula ngati kope la mwana wasukulu, n'kumufunditsa ufa mbali zonse. Kenaka kutambasula, n'kupinda patatu monga ndipindire kalata ino poilowetsa mu envulopu. Kuupumitsa pozizira. Kutambasulanso, kupinda patatu. Kachitatu chimodzimodzi. Mukawerengera mupeza timizere ta batala 27 tosanjikizana ndi ufa, topyapyala ngati khungu la anyezi. Mu uvuni madzi a m'batala amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kukankha tizigawo tija, n'chifukwa chake kamkateko kamatupa n'kumayoyokera pa chitenje mukaluma. Batala akangosungunuka musanaphike amalowerera mu ufa, mumangopeza buledi wamba. Ku Tete kuja, kumene m'Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, popanda firiji n'zosatheka. Kuno kumapiri Mulungu anatipatsa yake.

Tinadula tizidutswa ta makona atatu, n'kumakulunga kuyambira ku mbali yaikulu kupita ku nsonga. Ndinayang'ana manja a amayi aja, amene aumba pau zaka zosawerengeka, akufika pa kamkate koyamba n'kukhotetsa nsonga ziwirizo mosauzidwa. Anakanyamula m'chikhatho nati, "Si mwezi uwu?" Atatu oyamba anapserera pansi chifukwa uvuni unali udakali wolusa, ndipo batala wina anachuchira pa chitini. Otsalawo anatuluka ofiirira, opepuka ngati mulibe kanthu. Mwana wanga wotsiriza atanyema anati m'kati muli timazenera ngati chisa cha njuchi. Amayiwo akuti sangagulitse: batala ndi wodula, ndipo anthu a kumsika amafuna pau wokhutitsa, womwera tiyi n'kupita kumunda. Ndikugwirizana nawo. Komabe anandiuza kuti pa ukwati wa mwana wawo, ukagwa m'nyengo yachisanu, aphika thileyi imodzi ya apongozi, ndipo akufuna ufa wake ukhale wa tirigu wa ku Tsangano.

Chinanso chimene ndapeza: ku France ophika ambiri croissant wa batala weniweni amamusiya wowongoka, wopindika n'kukhala wa majarini. Ndipo kwanu komweko, mu 2016, masitolo a Tesco analengeza kuti asiya kupanga opindika, ati ogula amavutika kupaka jamu. Ndiye pali croissant amene alibe nyanga n'komwe. Liwu lija linayambira pa kukula, linasamukira pa kukhota, pano latsamira pa batala. Amene munaloza inu anali opindika, mwanena nokha.

Ndili ndi pempho. Apwitikizi a ku Ulaya amati a lua é mentirosa, mwezi ndi wabodza, chifukwa kwawo ukamakula umalemba D ngati ukuti decrescente, ukamatha n'kulemba C ngati ukuti crescente. Aphunzitsi athu ena ankatiloweza zimenezi kuchokera m'mabuku a ku Lisboa, ife n'kumadabwa, chifukwa kuno kumwera kwa dziko mwezi sunama: ukamakula umalemba C, kapena kugona chagada ngati mbale yolandirira ndiwo. Inu muli kumpoto, ndiye mukuuona mozondoka ndi ife. Mwezi ukhala sabata yamawa. Tsiku lachitatu lake, dzuwa lanu lochedwa kulowalo likalowa, muyang'ane kumadzulo mundijambulire. Inenso ndijambula wa kuseri kwa mitengo ya bulugamu ya pasukulu. Zithunzi ziwirizo ndikaziika pamodzi pa bolodi, ana aone okha.

Kusitolo kuja mubwerereko, Anaphiri, musasinthe njira chifukwa cha mwana. Mukagule awiri aja, mudye ndi tiyi wamkaka musanagone, ndipo mundiuze ngati m'kati mwake muli timazenera ngati athu. Amayi anu akufunsa ngati Khirisimasi ino mubwera. Denga la khitchini yawo tikonza mvula isanagwe, musadere nkhawa. Ana onse akupereka moni kwa azakhali awo.

Ndine mnzanu,
Nabanda